Amakaniko a Bambo Mtambalika

Mwambi uja amakulasani nawo amayi anu mukamabisa chimene chikukupwetekani unayamba motere, ana inu. Mafoniwo muyambe mwaika m'thumba. Aphunzitsi anu adzakuuzani kuti unachokera kumudzi kalekale. Asiyeni, zawo n'za m'mabuku. Unayambira m'tauni momwe muno, ku Chilobwe, pa mzere wa nyumba za lendi zopanda mpanda, ndipo unayamba ndi galimoto.

Pa mzere umenewo pankakhala a Mtambalika, kalaliki wa mu ofesi ina m'tauni. Anali munthu wa taye. Ngakhale kukataya zinyalala ankapita atavala nsapato zopolisha. Mtima woipa analibe, koma anali ndi nthenda ija ya anthu ophunzira, yoganiza kuti tsoka limayenda likufunsa satifiketi.

Atagwira ntchito zaka makumi awiri anagula galimoto yofiira, yakale koma yoyenda. Akazi awo, aNangondo, ankafuna puloti, ndipo nkhaniyo inawatengera mwezi wathunthu akugona molozana misana. A Mtambalika anapambana ndi mawu amodzi. Mwana wawo Esinta anali atapeza banja, ndipo pa chinkhoswe, pamaso pa akuchimuna onse, bambowo anaimirira n'kunena kuti mwana wawo sadzapita kutchalitchi pa galimoto yobwereka. Adzamuyendetsa okha, pa galimoto ya bambo ake. Amayi anaimba nthungululu. Ukwati unali utatsala miyezi iwiri.

M'nyumba yoyandikana ndi yawo munkakhala a Gwedeza, dalaivala wa lole ya mchenga, munthu wa mawu aakulu ndi malaya ong'ambika m'khwapa. Tsiku lina m'mawa anapeza batire la lole palibe. Anakuwa mpaka mzere wonse unatuluka, ena mswachi uli m'kamwa. Madzulo ake azibambo anagwirizana kuti azilondera mosinthana, aliyense ndi wezulo wake.

A Mtambalika anakana. Akadangokana chabe bwenzi zili bwino, koma anthu a taye sadziwa kukana osaphunzitsa.

"Kuberedwa n'kusaganiza," anatero. "Munthu woganiza amagula tenti n'kuphimba galimoto yake. Wakuba saba chimene sakuchiona. Za mawezulozi n'za anthu amene sukulu inawakana."

A Gwedeza anayankha: "Chabwino, achimwene. Ife a sitandade thuu tiziimba wezulo."

Tenti inagulidwa, yobiriwira, yofika mpaka pansi. Pakati pa sabata a Mtambalika ankapita kuntchito pa minibasi poopa mafuta, ndiye galimoto inkangokhala m'tentimo kudikira Lamlungu.

Loweruka lina anatukula tenti kuti atsuke galimoto. Galasi loonera kumbuyo la mbali ya dalaivala panalibe. Nyali imodzi yakutsogolo panalibenso, panangotsala dzenje ndi timawaya tiwiri tikulendewera. Anaima chilili, ndowa ili m'manja. Pakhosi panabwera mfuu, ndipo ikadatuluka nkhani ino ikadathera pomwepa. Koma atacheuka anaona a Gwedeza atakhala pakhonde pawo akumwa tiyi. Mfuu ija anaimeza. Anagwetsa tenti n'kuthira madzi aja pa maluwa.

Lamlungu banja linapita kutchalitchi wapansi. ANangondo atafunsa chifukwa, anawauza kuti galimoto ikufunika kukonzedwa bwinobwino ukwati usanafike, ndipo aitana amakaniko a ku Limbe, akatswiri, amene azigwira ntchito pang'onopang'ono. Maganizo awo anali oti mwezi ukatha agula galasi ndi nyali mwakachetechete, palibe adzadziwe. Sakanawauza akazi awo zoona. Akanamva za puloti mpaka m'manda.

Koma bodza la m'nyumba silikhala m'nyumba. ANangondo anakalinena potunga madzi, monyadira. Potunga madzi linafika kometera tsitsi, ndipo kometera tsitsi n'kumene linapeza eni ake.

Eni akewo anali amuna awiri, wina wamtali wina wachidazi. Ndi iwo anazula galasi ndi nyali, ndipo sabata yonse anakhala akutchera khutu kuti amve phokoso. Phokoso kunalibe. M'malo mwake anamva kuti bwana wa tenti akudikira amakaniko. Anayang'anana. Kenaka anapita pa kaunjika n'kugula maovolosi awiri.

Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, a Mtambalika ali kuntchito, anafika ndi bokosi la masipanala n'kuodira mwaulemu. ANangondo anawalandira ndi manja awiri. Anawapatsa mpando, anawawiritsira mbatata.

Madzulo bambo atafika, mayi anawauza nkhani yabwino. "Amakaniko anu aja anabwera. Anthu aulemu bwanji. Atenga batire ndi wailesi, akuti akaziyeze ku Limbe."

A Mtambalika anali akuvula nsapato. Anakhala atagwira nsapato imodzi m'manja, akuiyang'ana ngati muli yankho. Apa panali pa mphambano, ana inu. Akanatha kunena kuti mayi, ine sindinaitane munthu. Mawu ochepa chabe. Koma anaona m'maganizo mwawo akazi awo atagwira m'chiuno, anaona a Gwedeza ndi wezulo wawo, anaona mzere wonse ukuseka.

"Eya," anatero. "Ndinawatuma ndine."

Kuyambira pamenepo amakaniko ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, osaphonya, kuposa mmene anthu ena amapitira kuntchito yolembedwa. Anatenga nyali yotsala. Anatenga hutala. Anatenga mipando yakumbuyo, akuti akaisoke bwino kuti mkwatibwi adzakhale pofewa. Tsiku la matayala anapeza kuti alibe chokwezera galimoto, ndiye anakagogoda kwa a Gwedeza, amene anawabwereka jeke n'kuwathandiza kusanja njerwa pansi. Akamaliza ankabwezera tenti mwaudongo, n'kusesa pamene agwirapo ntchito.

Olondera a mzerewo anali atathamangitsa akuba onse a m'deralo. Kwa mwezi wathunthu palibe nyumba inasowa ngakhale supuni. Anthu okhawo amene ankatuluka ndi katundu pa mzerewo anali awiri a maovolosi, ndipo olondera ankawapatsa moni.

A Mtambalika anayamba kuonda. Taye inayamba kulendewera pakhosi ngati chingwe cha mbuzi. M'mawa uliwonse ankasuzumira m'tenti, n'kuona chimene chapita, n'kugwetsa tenti. Poyamba ankadziuza kuti galasi ndi nyali n'zogulika. Kenaka ankadziuza kuti matayala n'ogulika. Kenaka anasiya kudziuza kanthu. Tsiku lina anafika mpaka pakhomo pa polisi, koma atakumbukira kuti wapolisi adzabwera kudzafunsa anthu a pamzere, anapitirira ngati amangodutsa. Chimene chinkawalemera n'chakuti tsiku lililonse limene akhala chete linkachititsa kuti kulankhula mawa kukhale kovuta kuposa dzulo. Munthu woberedwa galasi amamumvera chisoni. Nanga munthu woberedwa matayala anayi, akazi ake akuwiritsira akubawo mbatata, amamutani?

Kutatsala sabata ziwiri anaganiza zothana nazo yekha, mwachinsinsi, monga munthu wophunzira. Lachisanu anajomba kuntchito. Anakonza mawu oti akawauze akubawo pambali: abweze zonse mwakachetechete, iye sawatengera kupolisi.

Tsoka lake, tsiku limenelo lole ya a Gwedeza inalibe ulendo. Azibambo anayi anali pakhonde pa a Gwedezawo akusewera bawo, moyang'anana ndi tenti.

"Achimwene, anthu anu aja afika," anatero a Gwedeza.

Wachidazi ataona mwini galimoto anaima kaye, phazi limodzi litaloza kumsewu. Koma anali wakuba wodziwa ntchito yake. Anaona bwanayo akuyang'ana a bawo, a bawo akuyang'ana bwanayo, ndipo anamvetsa zonse. Anavula chipewa.

"Bwana, mwadzuka bwanji? Mwachita bwino kupezeka. Lero ndi tsiku la injini."

A Mtambalika anatsegula pakamwa. Bawo inali itaima, maso asanu ndi atatu ali pa iwo.

"Injininso?" anafunsa motsitsa.

"Ikulira moipa, bwana. Simungafune kuti izime pakati pa msewu mkwatibwi ali m'kati."

"Zoona zimenezo," anatero a Gwedeza. "Anthuwa ntchito amaidziwa. Ine ndakhala ndikuwaona."

A Mtambalika anakonza taye. "Chabwino. Koma mufulumire, ukwati wayandikira."

Injini ndi chinthu cholemera. Amuna awiri sangainyamule. Choncho a bawo anadzuka kudzathandiza, ndipo mwini galimoto sakanaima manja ali m'thumba anzake akutuluka thukuta pa katundu wake. Anapinda malaya. Anagwira ngodya yake. Anainyamula injini yake ndi manja ake n'kuikweza pa kagalimoto kamene akubawo anabwera nako, ndipo wamtali uja anawauza kuti asamale msana. Ponyamuka aNangondo anawapatsira nthochi za panjira.

Amakaniko aja sanabwerenso. Panalibe chobwerera.

M'sabata ziwiri zotsalazo aliyense wofunsa ankauzidwa kuti amakaniko abweretsa zonse tsiku lomaliza, n'kumanga kamodzi. Esinta yekha anafunsa mosiyana. Anawapeza bambo ake atakhala kuseri kwa nyumba, n'kunena kuti ngati pali vuto anene, akuchimuna ali ndi msuweni wa galimoto, angathe kumupempha nthawi ikadalipo.

"Ine ndinalonjeza pamaso pa anthu," anatero bambowo. "Pita ukayese diresi."

Tsiku la ukwati linafika monga amafikira masiku onse amene munthu akuwaopa, mofulumira ndiponso kunja kuli kowala bwino. Pabwalo panadzaza anthu. Kunali achibale ochokera ku Ntcheu, ndipo pakati pawo panali alongo awo aakulu a Mtambalika, aNasoko, mayi wouma ngati chikuni amene sankaseka zinthu zachabe. Amayi a kwaya anabwera ndi maliboni ndi mabaluni kuti akongoletse galimoto. Mkwatibwi anatuluka atavala zoyera. Anthu anafunafuna bambo ake, osawapeza. Kuchimbudzi kunalibe, kuseri kunalibe.

Nthawi inkatha. ANangondo anati amakaniko ayenera kuti anamaliza, bambo mwina apita kukagula mafuta, amayi ayambe kukongoletsa. Amayi anayi anagwira ngodya zinayi za tenti, akuimba, n'kuikoka.

Nyimbo inafera m'kamwa.

Pa njerwa panakhala chigoba chofiira. Matayala, magalasi, zitseko ziwiri, mipando, chiwongolero, zonse kunalibe. Kutsogolo kumene kunkakhala injini munthu ankatha kuona dothi, ndipo udzu unali utayamba kumera. M'kati mwa chigobacho, pansi penipeni, munali a Mtambalika, atavala suti ya ukwati ndi duwa pachifuwa, atakumbatira maondo. Analowamo m'mamawa anthu asanadzuke, poti m'dziko lonse ndi malo okhawo amene munalibe maso.

Palibe anaseka. Zikanakhala bwino akanaseka. Baluni imodzi inaphulika yokha.

"Bambo a Esinta," anatero aNangondo, "amakaniko aja ali kuti?"

"Kunalibe amakaniko, mayi."

"Nanga aja ndinkawawiritsira mbatata?"

A Mtambalika anabisa nkhope m'maondo. A Gwedeza anayandikira, anazungulira chigobacho kamodzi, n'kugwira njerwa zimene anasanja okha. Sanakalipe. Analankhula ngati munthu wotopa.

"Achimwene, anayamba ndi chiyani?"

"Galasi. Ndi nyali imodzi."

"Galasi." A Gwedeza anapukusa mutu. "Mukanangotsokomola tsiku limenelo, ife tili pakhondepa. Wezulo tinali naye. Ine mpaka ndinawabwereka jeke. Mwatisandutsa akuba mzere wonse, ife osadziwa."

Kenaka anapita kukasesa mchenga m'lole yawo. Amayi a kwaya anamanga maliboni aja pa lole, poti anali atagulidwa kale. Esinta anakwezedwa kutsogolo, diresi atalikwinyira m'manja kuti lisade, ndipo sanayang'ane kumbuyo. Akuchimuna amene anamva lonjezo la pa chinkhoswe anamuona mkwatibwi akutsika pa lole ya mchenga pakhomo pa tchalitchi, ndipo mpaka lero nkhaniyo amaikamba pa maliro ndi pa maukwati.

Anthu atayamba kukwera, a Mtambalika anali akadali m'chigoba muja. ANasoko anapita n'kuima pamene panali chitseko.

"Tuluka, mwana wako akukwatiwa."

"Achemwali, anthu andiona bwanji?"

"Akuona kale."

Bambowo sanasunthe. ANasoko anawayang'ana mlongo wawoyo, wa sukulu zambiri, amene iwo anasiyira sukulu kuti iye aphunzire. Anatembenukira kwa amayi amene anali pafupi n'kunena kuti kwawo akamafukiza mbewa ndi utsi, zimatuluka pa una, dzenje lawo lija, n'kuthawa. Zina zimagwidwa, zina zimapulumuka. Koma ukakumba mpaka pansi umapezamo imodzi itauma, imene inaona kuti kutuluka anthu akuona n'kochititsa manyazi kuposa utsi.

Anakonza chitenje chawo, n'kuyamba kupita ku lole. Ali m'njira anaponya mawu aja osacheuka, ndipo amayi a kwaya anawatola, n'kuwafikitsa potunga madzi, kometera tsitsi, mpaka m'kamwa mwa amayi anu:

"Musiyeni. Mbewa ya manyazi inafera kuuna."