Supuloketi Yothamanga ndi Bulugamu wa Amalume

Pakhoma la pabalaza pathu pali nkhwangwa imene ana sindiwalola kuigwira. Kumpini kwake kuli kagudumu kachitsulo komangidwa ndi waya, ndipo alendo akafunsa ndimangoti ndi chokongoletsa. Mkazi wanga, Esinati, akamva yankho limeneli amatuluka panja kukaseka. Ndiye ndati bola ndifotokoze ndekha, chifukwa iye akamafotokoza amathira mchere wambiri.

Ndinafika ku Joni chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kuchokera ku Ntcheu, kumene ndinkakonza njinga pamsika. Ndinkakhala ku Sunnyside, chipinda chimodzi ndi Bonifasi, mnzanga wa ku Mulanje amene ankayenda m'mayadi kudula mitengo ndi sowo ya petulo. Ine ndinkagwira maganyu a m'maluwa. Esinati ndinamuona m'kwaya kutchalitchi kwathu, ndipo nkhani yathu itapsa anandiuza kuti mwini mbumba ali konkuno: amalume ake, a Nkhoma, amene ankasamalira yadi ina yaikulu ku Faerie Glen. Iwowo akanakana, za chinkhoswe zikanathera pomwepo.

A Nkhoma anali munthu woti ukawapatsa moni amayamba ayang'ana nsapato zako. Ndinapitako kangapo, koma ankangonditchula kuti "mnyamata uja", ine ndili pomwepo. Paja kwathu wofuna ukwati amayesedwa ndi khasu m'munda wa apongozi. Ku Faerie Glen munda kulibe, kuli kapinga wometedwa ngati mutu wa mwana wasukulu, ndiye amalume anasowa pondiyesera. Kenako kunagwa mvula ya matalala, ndipo chimphepo chake chinagwetsa bulugamu wakale wouma, n'kumugoneka chopingasa pageti. Mabwana awo anali ku tchuthi kunyanja, akubwera Lamulungu. Uthenga unandipeza kudzera mwa Esinati: mnyamata uja abwere Loweruka, tione ngati ali ndi manja.

Bonifasi anali ndi ulendo wa kumaliro ku Soshanguve, choncho sowo anandibwereka. Inali sowo yaing'ono, yokalamba, koma yokhulupirika. Pondipatsa anangonena chinthu chimodzi: "Achimwene, petulo thirani, oyilo thirani, koma m'mimba mwake musalowemo. Ndimakudziwani inu anthu a njinga."

Atangotuluka, ndinalowamo (sindinkafuna kuononga kanthu, ndinkangofuna kuona). Nditachotsa chivindikiro cha m'mbali ndinapeza mnzanga wakalekale, supuloketi, kagudumu ka mano kamene kamakoka tcheni. Ndinawerenga mano ake, asanu ndi awiri. Ndinasangalala kwambiri, chifukwa apa ndiye panali pakwathu. Wokonza njinga aliyense amadziwa kuti gudumu lokoka likakula, tcheni chimayenda mtunda wautali pa kuzungulira kumodzi. Ndinadziona ndikumaliza bulugamu yense tiyi wa amalume asanazizire.

Lachisanu ndinapita kushopu ina ya zitsulo m'tauni ndi kugula ya mano asanu ndi atatu. Mzungu wogulitsayo anandifunsa kukula kwa injini, ndipo nditamuuza anapukusa mutu, nati yaing'ono chonchoyo sikwanitsa. Ine ndinangoti mumtima, awa amationa ngati tonse ndife ometa kapinga. Nditaika supuloketi yatsopanoyo, tcheni chinapezeka chachifupi, chosafika. Munthu wanzeru akanaimira pomwepo. Ine ndinabwerera kushopu, ndinagula kachidutswa kolumikizira, ndi kuchitalikitsa monga ndinkachitira ndi njinga za ogulitsa makala. Supuloketi yakale ija ndinaisiya pawindo, poti ndinkaona kuti ntchito yake yatha.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi imene kuno amati takisi, sowo ili m'thumba la ufa. Ndinapeza amalume ataika kale mpando pamthunzi, ndipo Esinati ankachapa kuseri kwa kanyumba ka antchito, pamalo poti khosi akalitalikitsa aziona zonse. Ndinakoka chingwe, sowo inalira mokuwa ngati yatsopano. Ndinayamba ndi tinthambi, ndipo kunena zoona, pamenepo ndinali mfumu. Ndikangokhudza, nthambi pansi. Utuchi unkauluka mpaka pa nsapato za amalume, ndipo ndinaona nsidze zawo zikukwera pang'ono.

Apa m'pamene pakamwa panandipereka. Ndinazimitsa injini ndi kuwauza kuti liwiro limeneli si la kufakitale ayi, ndalipanga ndine ndi manja angawa. Ndinafotokoza za mano, za tcheni, za mbiri yanga pamsika wa ku Ntcheu, mpaka kujambula magudumu padothi ndi kamtengo. Amalume anamvetsera zonse, kenako analoza ndi chibwano. "Zamveka. Thunthu ndi ilo."

Thunthulo linali loti anthu awiri kuligwira manja sakumana bwino, louma gwa. Sowo inalowa mwachangu pakhungwa, koma itangofika pamtima pa mtengo mawu ake anasintha. Kulira kuja kunasanduka kubuula, kubuula kunasanduka kutsokomola, kenako zii. Ndinakoka chingwe, inalira, ndinaikanso, inazimanso. Ndinawauza amalume kuti petulo wa masiku ano ngosakaniza. Iwo anati eya.

Ndili chiweramire choncho, thukuta likulowa m'maso, ndinakumbukira chitunda cha ku Tsangano. Anyamata ankabwera kwa ine kuti ndiwaikire giya yaikulu, ndipo ndinkawachenjeza ndekha kuti pachidikha adzauluka, koma pachitunda miyendo idzakana, adzatsika n'kumakankha. Mphamvu ndi yomweyo. Ukaligula liwiro, umalipira ndi kukoka. Tinthambi tija tinali chidikha. Thunthu linali Tsangano, ndipo ka injini ka Bonifasi kanalibe miyendo yokwerera pa giya imeneyo. Nzeru zimenezi zinali zanga ndithu, ndinkazigawa ulere pamsika, koma supuloketi yaing'ono inali pawindo ku Sunnyside.

Kodi ndinaima n'kuvomera? Ayi ndithu. Ndinachita zimene amachita aliyense anthu akamamuonerera: ndinakanikiza ndi thupi lonse. Sowo inatulutsa utsi wonunkha ngati mphira, thunthu linatsika pang'ono, mpata wodulawo unatsekeka, ndipo chitsulo chonse cha sowo chinapanidwa m'kati. Ndinakoka, osatheka. Ndinaponda thunthu ndi mwendo umodzi n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse, manja anaterereka, ndipo ndinakagwa chagada m'maluwa a adona. Kuseri kwa kanyumba kuja kuchapa kunasiya kumveka.

Nditagona m'maluwamo ndinachita mantha enieni. Sowo ya mnzanga ili m'mtengo, geti lili chitsekekere, mabwana akubwera mawa, ndipo Esinati ndinkamuona akundichoka m'manja chifukwa cha dzino limodzi lachitsulo. Maganizo othawira ku takisi anandibwerera, sindinama.

Amalume ananyamuka, analowa m'galaja, n'kutuluka ndi nkhwangwa. Anaiika pafupi ndi mapazi anga.

"Iyi ilibe mano," anatero. "Musaikonze."

Ndinatema. Bulugamu wouma amabweza nkhwangwa ngati mwala, ndipo manja anga ozolowera sipanala anatuluka matuza dzuwa lisanafike pamutu. Ndinayamba ndawombola sowo ija, kenako ndinapitiriza kudula mbali yotsekereza geti. Esinati anabwera ndi madzi ndi buledi, maso ali pansi, milomo ikunjenjemera (mpaka lero amati ankandimvera chisoni, koma ine chisoni ndimachidziwa). Amalume anakhala pampando tsiku lonse. Nthawi ina ndinaganiza kuti agona, koma nditangopumira anatsokomola.

Dzuwa litapendeka chipika chomaliza chinaduka, ndipo tinachigubuduza limodzi, ine ndi iwo, mpaka geti linatseguka. Ndinaima pamenepo manja akuwotcha, ndikudikira chigamulo. Anayang'ana nsapato zanga monga mwa masiku onse, kenako anandiyang'ana kumaso.

"Kachitsulo kothamanga kaja mundisiyire," anatero. Ndinakamasula ndi kuwapatsa. Anakaika m'thumba la ovolosi. "Pa tinthambi aliyense ndi katswiri. Ine ndimafuna ndione pathunthu ngati muthawe. Pitani mukasambe, akamwini."

Mawu omalizawo anandichotsera ululu wonse wa matuza. M'takisi ndinkangomwetulira ndekha, mpaka mayi wina anasuntha kukakhala mpando wina. Bonifasi atabwerako anapeza supuloketi yake ili m'malo mwake, koma tcheni chikulendewera ngati mkanda, poti ndinaiwala kuchotsa kachidutswa kaja. Anangoti, "Eish, anthu a njinga," ndipo sanandibwerekenso ngakhale sikuludiraiva.

Pachinkhoswe chathu, itafika nthawi yoti akuchikazi apereke zida kwa mwamuna, amalume anabwera ndi nkhwangwa yomwe ija, supuloketi itamangidwa kumpini. Anauza anthu onse kuti banja limakoka ndi giya yaing'ono, ndipo mkamwini wawo akaiwala aziyang'ana pamenepo. Anthu anaseka mpaka ankhoswe anga anabisa nkhope m'chipewa.

Ndiye ndimayang'anapo, ndipo phunzirolo ndinaligwira. Kungoti mwezi wathawu ndinkaona makina osokera a Esinati, ndipo kagudumu kokoka lamba kanandionekera kuchepa pang'ono. Ndinangotchula chabe, sindinagwire n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo makinawo amagona m'kabati, ndipo kiyi amayenda nayo pa mpango.