Mmene Ndinaliritsira Mathithi mu Okutobala

Amene akuti ndine wabodza aimirire pompano, andiyang'ane m'maso, kenaka ayang'ane chala changa chakuphazichi. Mwaona mmene chinapindikira? Iwe wa kapusi yofiira leka kuseka, chalachi chinapindika iwe usanabadwe. Siyani nsolo kaye, mumve za ine Lazaro Jere, amene ndinaliritsa mathithi a Mosi-oa-Tunya mwezi wa Okutobala, ndipo ndikanama mphenzi indipeze pansi pa mtengo wa mango uno dzuwa likuswa mtengo chonchi.

Chinali chaka cha chilala chija tinkadya ufa wachikasu. Ine ndinali wa wilibala, ndinkakankha ayezi kuchoka m'tauni kudzagulitsa kwa azimayi a nsomba muno mu Maramba, ndipo mtima wanga unali utagwera Namakau, mwana wa ba Mubita a ku Mongu, mkulu wa kwaya, munthu wovala tayi ngakhale popita kuchimbudzi. Ndinkamukonda mtsikana ameneyo, sindibisa, moti ayezi ankasungunuka m'wilibala ine nditaima pampanda pawo kukamwa kuli yasa. Tsiku limene ndinapita ndi amalume kukafunsira mbeta, mdala uja anandiyeza ndi maso kuyambira patapata mpaka tsitsi, nati, "Iwe wa wilibala, uzakwatira mwana wanga tsiku lamene mathithi azalira mu Okutobala."

Inu ana a dzulo simungadziwe kuwawa kwa mawu amenewo. Chaka chimenecho mbali yathu ya mathithi inali thanthwe lokhalokha, abuluzi akuwothera dzuwa pamene pamagwa madzi. Komanso panali kalaliki wina wa nsapato zonyezimira amene anali atayamba kale kusiya shuga pakhomo pa ba Mubita, ndipo anthu ankanong'ona zoti ukwati ndi wa pa Khirisimasi.

Ndili chikwiyire choncho, mzungu wina pamsika wa ziboliboli wa Mukuni Park anandionetsa chithunzi cha phiri la kuseri kwa Tanzania, lovala ayezi kumutu, ndipo pamwamba pa ayeziyo panali nyanja yobiriwira itakhala phee, yopanda mtsinje wotulukira. Ndinati ehee, si madzi athu awa, akhalira chiyani kumeneko ife tikuuma kukhosi? Ndinangotenga wilibala, thumba la mchere wa kapenta ndi msomali umodzi wa mainchesi sikisi, ulendo.

Ndinakankha masiku anayi osaima, tayala linatha ndinamangapo lamba wanga, lamba anatha ndinamangapo njoka imene inafuna kundiluma pa Mpika, ndinadutsa malire asilikali akundichitira sawasha poganiza kuti ndi ndege yauluka m'munsi, ndipo nditayamba kukwera phirilo kuzizira kunakula moti ndevu zanga zinathyoka n'kugwa, ndipo nditatsokomola chifuwa chinauma chisanafike pansi, chinasanduka mwala, n'kundigwera pachala ichi. Mukumva? Gwira iwe wa kapusi, gwira umve wekha fupa lake.

Pamwamba ndinapeza azungu asanu ndi awiri ndi makina awo, miyezi itatu akuyeza nyanja ija, wina akukumba ngalande m'mbali, wina akukapa ndi ndowa. Ndinaseka mpaka kuseka kwangako kunaundana. Sukulu ndi yabwino, koma aliyense amene anakankhapo ayezi padzuwa la Maramba amadziwa kuti madzi okhala pamwamba pa ayezi satulukira m'mbali. Dzuwa limasungunula pamwamba, madzi amasonkhana pamene pali polowa, akachuluka amalemera, ndiye amafunafuna kamng'alu, akakapeza amalowamo n'kumakankha uku ndi uku, kamng'aluko n'kumang'ambika kupita pansi mpaka kuboola. Ndinaziona kambirimbiri m'wilibala mwanga, azimayi a nsomba akundikalipira.

Ndiye ndinavula malaya, ndinalowa m'madzimo, ndinayenda pansi pa nyanja maola awiri nditagwira mpweya, ndikupapasa ndi phazi, mpaka ndinakapeza kamng'alu kochepa ngati tsitsi la mwana. Ndinaikapo msomali, ndinathira mchere, ndinamenya kamodzi kokha ndi chibakera.

Amayi ine! Phiri lonse linabuula, mng'alu unatsika ndithu mpaka pathanthwe la pansi, nyanja imene inatenga chilimwe chonse kudzaza inayamba kuzungulira n'kumalowa m'dzenje, ine ndinalumphira m'wilibala, madzi ananditenga, tinatsika mumdima ine ndikuimba nyimbo ya kwaya ya ba Mubita kuti ndisachite mantha, tinafika pansi madzi n'kulowa pakati pa ayezi ndi thanthwe, n'kunyamula chiphiri chonse cha ayezicho mpaka chinayamba kutsetsereka, azungu aja ali pamwamba pake akugwirana miyendo, ndipo pamene tiyi wawo ankazizira nyanja yonse inali itatha, patangotsala dzenje lokha. Mukumva kodi?

Madziwo anaboola njira yawoyawo pansi pa nthaka, ine ndili patsogolo ndikuwongolera ndi zigwiriro za wilibala, tinadutsa pansi pa migodi ya ku Kitwe anthu a mumgodi ndikuwapatsa moni, tinakhota, n'kudzatulukira mu Zambezi kumtunda kwa mathithi. Wati chiyani? Akuti madzi a ku Tanzania sangabwere kuno? Iwe, madzi a pansi safunsa njira kwa aphunzitsi ako.

Linali Lamlungu, ba Mubita atakweza dzanja kuti kwaya iyambe. Mathithi analira! Mawindo a tchalitchi ananjenjemera, utsi wa madzi unakwera mpaka zovala zoyanikidwa mu Maramba zinanyowanso, abuluzi aja anakapezeka ku Mozambiki, ndipo ine ndinagwa ndi mathithiwo, ndinatuluka kumunsi, n'kukankha wilibala yanga mpaka pakhomo la tchalitchi, madzi ali chuchuchu. Mdala anavula tayi koyamba m'moyo wake, nati, "Tenga mwana wanga, ni wako." Kalaliki uja shuga wake anamwera yekha.

Manje, uyo akubwera apoyo ndi dengu pamutu, ndiye Namakau ameneyo, ndipo musamufunse, pakuti iye ali ndi nkhani yakeyake. Amati masabata awiri amene ndinasowawo ndinali kwa amalume ku Kazungula, nditafunda bulangete, ndikulira. Amati nditabwerako iye ndiye anatenga sutikesi yake, n'kukhala m'wilibala mwanga bambo ake akuona, n'kunena kuti, "Batate, ngati simufuna, mubwere munichosemo mweka." Amatinso chalachi ndinadziponda ndekha ndi tayala tsiku lomwelo.

Musiyeni anene, pakamwa ndi pake. Koma ine ndikukuuzani, ndipo bwerani ndi Baibulo ndilumbire: tsiku limene mkazi ameneyo anakwera wilibala yanga, unali mwezi wa Okutobala, kunja kulibe ndi kamtambo komwe, ndipo ine mathithi ndinawamva akulira kuyambira pakhomo pa ba Mubita mpaka kwathu. Aimirire amene anganene kuti sindinawamve.