Khadi Langa ndi Lole ya ba Sakala

Mpaka lero ku Chililalila kuli anthu amene akandiona amayamba andisisita kunsi kwa jekete asanandipatse moni. Ana anga amayesa ndi ulemu wa kwathu ku Kabwe. Si ulemu ayi, ndi chipongwe, ndipo ndinachiputa ndekha tsiku limene ndinafuna kukwera ndege ngati mzungu.

Zinachitika mgodi utangotsekedwa. Huta, lipenga la pamgodi limene linkatidzutsa m'mawa uliwonse, inakhala chete, ndipo amuna amene ankadziwika ndi nsapato zachitsulo kuphazi anayamba kufukula miyala pa phiri lakuda la zotsalira za mgodi, kuti apeze chogulitsa. Ine ndinali kalaliki wa m'sitolo ya zida, ndipo anandichotsa pamodzi ndi anzanga. Tinkakhala ndi amai m'nyumba ya kampani, osadziwa kuti atitulutsamo liti. Ndiye kalata itabwera yochokera ku Joni, yoti kampani ina yogulitsa zida za m'migodi ikufuna kundiona maso ndi maso, tikiti ya ndege ili momwemo, ndinadziwa kuti mwayi wotere subwera kawiri. Anachita kunenetsa kuti ndikaphonya ndegeyo aitana wina.

Apa m'pamene mutu unandikulira. Ndinagula suti yabuluu ya salaula, pa kaunjika, kenaka ndinapita kubanki. Masiku amenewo makhadi anali atangofika kumene, ndipo mnyamata wa pawindo anandiyalira awiri patebulo. Lina linali lotuwa, lofuna mapepala ambiri ndi kudikira. Linalo linali lonyezimira ngati golide, loti nditenga sabata yomweyo. Sindinafunse kuti limagwira ntchito kuti (safunsa adadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri). Ndinasankha lonyezimiralo, n'kuikamo kandalama konse kamene kampani inandipatsa pondichotsa. M'thumba munangotsala khadi ndi mpango.

Nkhani inavuta pa za kayendedwe kopita kubwalo la ndege ku Lusaka. Kwathu, mabanja a akatolika ochokera kum'mawa amene makolo athu anabwera kudzagwira mumgodi, munthu sapita ulendo wautali yekha. Amaperekezedwa. Bambo anga atamwalira, mnzawo wapamtima, ba Sakala, ndiye ankatiyang'anira. Anali kapitawo wa pansi pa mgodi zaka zambiri, ndipo pamene kampani inkagulitsa katundu wake, iwo anagula lole yakale yonyamula mchenga. Anabwera kunyumba chipewa chili m'manja.

"Mwana wa Tembo, lole ilipo. Tizakuperekeza na maneba bonse ba mu seksheni, na bakwaya. Mafuta tasonkha kale."

"Ba Sakala, zikomo, koma nabuka takisi," ndinatero. "Ku eyapoti sikuli monga kumaliro."

Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka pano. Mkuluyo sanakwiye. Anangovala chipewa chake bwinobwino n'kunena kuti, "Pansi pa mgodi sitinali kusiya munthu eka. Koma ni ulendo wako."

Amai anangotenga jekete langa n'kuti akalisita.

Tsiku la ulendo takisi inafika m'mamawa, yotsukidwa mpaka matayala. Woyendetsa anali ba Chanda, Mbemba wolankhula mofulumira, amene tinapangana kuti ndikamulipira pabwalo la ndege ndikatapa ndalama m'makina. Ndinakhala kumbuyo, mwendo pamwamba pa unzake, ndikubayibitsa anthu ndi zala ziwiri. Jekete linkandilemera pang'ono m'munsi, koma ndinaganiza kuti ndi mmene masuti akunja amakhalira.

Tinayenda bwino mpaka tinadutsa theka la njira. Kenaka galimoto inayamba kutsokomola, ndipo ba Chanda anaikhotetsera pa malo omwetsera mafuta. Amene anakwerapo takisi za nthawi imeneyo akudziwa kuti zinkayenda ndi mafuta ongonyowetsa thanki, otsalawo amagula ndi wokwera.

"Ba bosi, mafuta yasila. Tiikeko ya pa Lusaka, muzachosapo pa ndalama yanga."

Ndinatulutsa khadi pang'onopang'ono kuti aliyense alione, n'kulipereka kwa mayi wothira mafuta. Analitembenuza uku ndi uku, analiyang'ana padzuwa, n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Chiwama, bwana. Manje ndalama ili kuti?"

"Ili mukati umo."

"Ichoseni tione."

Ndinafotokoza za makina, za banki, za mmene dziko likupitira patsogolo. Azimayi ogulitsa nthochi anasendera pafupi kudzamvera, ndipo mmodzi anapempha kuti aligwireko. Ba Chanda anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapita kumbuyo kwa galimoto, anakiya buti mmene munali sutikesi yanga, n'kuika kiyi m'sokosi.

"Ba bosi, ine nilibe olo ngwee. Chola sichichoka mpaka munilipire pamene tafika apa."

M'sutikesimo munali masatifiketi anga onse. Ndinanyengerera, ndinaopseza, ndinapereka wotchi ngati chikole (anaiika kukhutu n'kupeza kuti inaima kalekale, ndinkangoivalira ulemu). Dzuwa linkakwera, mabasi a ku Lusaka ankadutsa, ndipo ine ndinalibe ngakhale ya nthochi imodzi. Ndinakhala pa tayala lakutha pambali pa msewu, mantha atandigwira zenizeni. Ndinkaona ndege ikunyamuka popanda ine, ndinkaona katundu wa amai ali panja pa nyumba ya kampani. Ndikuuzeni zoona, misozi inalengeza.

Ndiye ndinamva nyimbo. Inkachokera kumpoto, cha ku Kabwe, nyimbo ya Maria imene timaimba pa ulendo wa m'chigulu, ikubwera pamodzi ndi utsi wakuda. Lole ya ba Sakala inatulukira ili yodzaza thothotho: azimayi a zitenje za tchalitchi, akwaya ndi ng'oma yawo, madoda a mumgodi ena atavala zipewa zawo zolimba za kuntchito. Ndinayesa kubisala kuseri kwa pampu, koma suti yabuluu sibisika. Lole inaima, nyimbo inaduka, ndipo ba Sakala anasuzumira pawindo.

"Mwana wa Tembo, osadandaula, sitikuperekeza iwe. Ise tiyenda chabe kukaona ndeke."

Palibe amene anaseka, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka. Amai anatsika kutsogolo, anamva mlandu wonse kwa ba Chanda, n'kutembenukira kwa ine.

"Vula jekete."

"Amai, pano pa bantu?"

"Vula."

Anamasula mfundo ya chitenje chawo, anatulutsa lezala, n'kuyamba kutumbula mpendero wa jekete mbali ya kumanzere. Munatuluka makwacha opindidwa tating'onoting'ono, atandandalikidwa ngati nyemba m'khoko. Ndinali nditakhala pa tayala paja ndikulira umphawi ndalama nditavala. Amai analipira mafuta, analipira ba Chanda, n'kuwauza kuti abwerere bwino. Ba Chanda anavula sokosi, anatulutsa kiyi, ndipo sutikesi anachita kuinyamulira yekha mpaka pa lole.

"Uku kumanja usagwireko," amai anandinong'oneza. "Kuli marandi. Ni ya ku Joni."

Ndinafunsa kumene anazitenga ndalamazo. Amai anangoyang'ana pamwamba pa lole. Madoda aja onse anali atayamba kuyang'ana mitengo, wina n'kumakonza lamba wa chipewa chimene sichinawonongeke. Anthu amene ankaswa miyala tsiku lonse kuti ana adye, anasonkherana, n'kukasinthitsa kwa azimayi a geni opita ku Joni, kuti mwana wa mnzawo asakachite manyazi kudziko la eni. Ine n'kuwauza kuti kubwalo la ndege si kumaliro.

Kutsogolo kunalibe malo, choncho anandikwezera kumbuyo, pakati pa ng'oma ndi dengu la mbatata zootcha. Ba Sakala anayendetsa lole ija ngati ali ndi munthu wovulala woti afike naye kuchipatala. Amai anakana kubwerera kutsogolo. Anakhala pa sutikesi yanga, jekete pamiyendo, n'kumasoka mpendero uja lole ikudumpha m'maenje, osadzibaya ngakhale kamodzi. Sindinaonepo manja okhazikika ngati amenewo.

Tinafika anthu atayamba kale kulowa. Mlonda wa pachipata anafuna kutibweza poyesa tabwera kudzathira mchenga, koma ba Sakala anamulankhula ndi mawu aja a ukapitawo ndipo chipata chinatseguka. Ndinatsika tsitsi lili mbuu ndi fumbi, suti yabuluu itasanduka yofiirira. Akwaya anandiimbira pakhomo penipeni, azungu akujambula. Ndinathamanga, ndipo ndinali womaliza kulowa m'ndege.

Mwina mukuganiza kuti khadi lija linadziwombola ku Joni. Ndinapeza makina pabwalo la ndege la kumeneko, ndinalowetsa, analavula. Ndinalowetsanso, analavulanso. Mayi wina amene anali pambuyo panga anandionetsa timalemba tating'ono kuseri kwake, tonena kuti limagwira ntchito m'Zambia mokha. Lotuwa lija, limene ndinalinyoza, ndilo linali la maulendo akunja. Ndinalowa m'chimbudzi, ndinavula jekete, n'kutumbula mpendero wa kumanja ndi mano. Ndalama za madoda aja ndi zimene zinandifikitsa kumalo ogona, zinandidyetsa, n'kundikweza basi yopita kokafunsidwa mafunso. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo wanga anali mumpendero.

Ntchito ndinaipeza. Nditabwera patchuthi choyamba ndinapita kwa ba Sakala kukapepesa, nditakonza mawu ambiri. Anandidula ndisanafike pakati. "Ndeke tinaiona," anatero, "ni yaikulu." Nkhani inathera pomwepo, ndipo ndalama zawo anakana kuti ndibweze.

Kaya ndinaphunzira kaya ayi, muweruze nokha. Masiku ano ndili ndi makhadi ogwira ntchito kulikonse, ndipo ndimakondabe onyezimira. Lija loyamba amai amapalira nalo mamba a nsomba, akuti ndi ntchito yokhayo imene analiona likugwira. Koma ulendo uliwonse ndisananyamuke ndimadzera ku Chililalila. Maso a amai anafooka, bowo la singano salionanso, ndiye ulusi ndimawalowetsera ndine. Ndikatero ndimavula jekete, osadikira kuuzidwa, n'kuliika pamiyendo pawo.