Nkhope Zisanu Pakhoma la Abiti Twaibu

Lolemba

Nkhani yokoma lero! Abiti Twaibu, eni tiyirumu ya pamsika pomwe timaonera mpira, apakitsa pulasitala khoma lawo loyang'ana kumsewu. Akufuna pajambulidwe nkhope za akatswiri akale a timu yathu ya Mwera, ija inatenga chikho ife tili anyamata. Nkhope zisanu basi, khoma ndi laling'ono. Wojambula abwera Loweruka kuchokera ku Monkey Bay.

Nanga wapampando wa komiti yosankha ndi ndani? Ine! Abiti akuti, "Inu achimwene munali goloboyi, munkawaona onse muli kumbuyo." Ndavomera mokoka mawu ngati sindikufuna, koma mumtima mukulira ng'oma.

Masana ndikusoka ukonde wa eni ake pansi pa mtengo wa mango, maganizo ali pakhoma paja. Ndikudziona ndili m'malere, jezi yakuda, mpira kunsonga kwa zala. Maminibasi akuchepetsa liwiro. Alendo a ku Makokola akutsika kuti ajambule. Mdzukulu wanga akuloza, agogo anga awo!

Ndasokera ukonde ku buluku langa.

Vuto ndi limodzi: wapampando sadzitchula yekha, ndi mwano. Koma angaiwale ndani penate imene ndinagwira mu fainolo? Wina anditchula ndithu.

Lachiwiri

Oyenera khoma, mmene ndikuonera ine:

1. Che Saidi, womwetsa zigoli. Palibe angatsutse.
2. A Filipo, amene tinkawatcha Chigayo, chifukwa wodutsa mbali yawo ankatuluka ali ufa.
3. Wina.
4. Winanso.
5. Goloboyi. Sindikutchula dzina. Timu iliyonse imakhala ndi goloboyi.

Msonkhano woyamba. Ndimayembekeza madoda ochepa, kwabwera doko lonse. Kodi! Aliyense anasewerapo mu Mwera! Bambo wina amene ndikumukumbukira bwinobwino akugulitsa nzimbe kunja kwa bwalo, lero akuti anali nambala seveni. Wina akuti bambo ake ndiwo ankapopa mpira, ndipo popanda mpweya palibe chigoli. Anthu awomba m'manja.

Mayina atchulidwa mpaka tiyi wazizira m'makapu. Langa ayi. Ndakhosomola kangapo kuti atembenuke. Abiti andibweretsera madzi.

Palibe kanthu, sabata ikadali yaitali. Pobwerera ndaima pakhoma paja, loyera mbee, likununkhirabe simenti. Ndasankha mbali imene dzuwa limawala m'mawa.

Lachitatu

Ndapita kukaona Che Saidi. Masiku ano ndi amene amaitanira anthu ku swala pamzikiti, ndevu zoyera, kuyenda pang'onopang'ono. Munthu uja ankathamanga mpaka fumbi kumusowa!

Ndawauza za khoma. Ayamba amwetulira, kenako afunsa kuti ajambulidwa atavala chiyani. Ndati yunifolomu, kabudula ndi jezi.

"Astaghfirullah! Mawondo anga pamtunda, pamsewu womwe anthu amadzera popita ku mzikiti? Ngati mwaumirira, ndijambuleni mu kanzu, mkanjo wanga wa ku mzikiti."

Womwetsa zigoli mu kanzu!

Nkhani yafika kwa a Filipo dzuwa lisanapendeke. Iwonso akuti ndi mkulu wa mpingo tsopano, ajambulidwe mu suti, tayi yofiira, buku la nyimbo kukhwapa. Khoma la mpira likusanduka chithunzi cha paukwati.

Komatu ndikaganiza bwino, si zoipa. Kanzu uku, suti uku, pakati munthu mmodzi yekha wovala za mpira. Maso a anthu angapite kuti?

Potsanzikana ndawafunsa Che Saidi mozungulira kuti fainolo ija amaikumbukira bwanji. Ayang'ana kutali, maso anyowa pang'ono. Ndagwira mpweya.

"Zigoli zanga ziwiri zija? Alhamdulillah."

Basi.

Lachinayi

Lero ndaganiza zowathandiza kukumbukira. Ndagogoda tebulo ngati wapampando ndi kunena kuti, abale, tisaiwale kuti mu fainolo munali penate.

Chipinda chonse chadzuka. "Eee! Penate ija!" Ndawerama mwaulemu, ndikudikira.

"Malemu Che Mbaya! Amene uja ndiye anali munthu!"

Che Mbaya! Nkhalamba ya mankhwala ija, imene inkayenda ndi timu itanyamula kachikwama kachikopa. Sanamenyepo mpira chibadwire. Akuti ndi amene anakwirira zinthu pansi pa mtengo wa golo, ndiye mpira unkapita muukonde koma unakhota wokha.

Unakhota wokha! Nanga chala changa ichi, chopindika mpaka lero, anachithyola ndi Che Mbaya?

Ndachigoneka patebulo poyera kuti achione. A Filipo achiyang'ana, apukusa mutu. "Pepani, ndi nyamakazi imeneyo. Muzipaka mafuta a nsato."

Zandiwawa. Ndilembe poyera muno momwe mulibe wondiseka: zandiwawa kwambiri.

Ine tsiku lija ndimalinyamula paliponse. Mwera ukuwomba, fungo la usipa likuchokera pamathandala, anthu onse zii. Mnyamata wa timu inayo akupukuta nsapato kumbuyo kwa mwendo. Ndikuona phazi lake likutseguka. Ndanyamuka iye asanamenye. Kenako ululu, fumbi m'kamwa, ndi nthungululu za amayi. Nthawi zonsezi ndinkayesa nthungululuzo zinali zanga.

Lachisanu

Make Esinati wandipeza ndikuyang'ana denga, tiyi osamwa.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kadzitchuleni nokha, bambo inu, mwatitopetsa ndi kuusa moyo."

Akunena zoona. Lero ndinena.

Zoti ndikanene:
kuti goloboyi ndi munthu, si mtengo wa golo;
kuti mankhwala alibe zala;
kuti sindikudzikweza, ndikungokumbutsa.

Ndayeserera m'mawa wonse pamaso pa maukonde. Amvetsera bwino, palibe watsutsa.

Msonkhano wayamba anzathu atatuluka ku swala. Chisokonezo! Wa nzimbe uja wabwera ndi abale ake ochokera ku Chiponde, mboni zoti anali nambala seveni. Bambo wina wotsimphina waima pakhomo, akuti a Filipo akakwera pakhoma, mwendo wake umene anauthyola ujambulidwenso pambali. A Filipo avula jekete. Mkulu wa mpingo! Che Saidi anyamuka mwakachetechete, akuti nkhope yawo isakhalepo ngakhale mu kanzu. Makapu agwa, ketulo yagubuduka, galu wakuwa.

Ndaimirira pakati pa phokosolo. "Abale anga, pali munthu wina amene..."

"Wapampando saikapo maganizo! Khalani pansi muweruze!"

Ndakhala pansi.

Kunyumba make Esinati wangondiyang'ana, nkundipatsa mutu wa nsomba, umene amakonda kudya yekha.

Loweruka

Wojambula wafika panjinga yamoto, zitini za penti zikugundana kumbuyo. Akufunsa mayina. Komiti ilibe dzina ngakhale limodzi. Ili ndi makapu osweka.

Abiti Twaibu atuluka, amanga chitenje mwamphamvu, atiyang'ana tonse mmodzimmodzi.

"Wallahi ndatopa nanu. Amoyo mukundiswera ziwiya. Pakhoma panga pakhale akufa okhaokha, iwo sakangana."

Kenako mitu yayamba kugwedera. Sabata yonse, aka ndi koyamba anthu kugwirizana, ndipo wapampando sanafunsidwe nkomwe.

Tawerenga anzathu amene anatsogola. Osewera atatu. Wachinayi, Che Mbaya. Chithunzi chawo palibe, ndiye akhazika mdzukulu wawo pampando, wojambula akungowonjezera makwinya ndi kachikwama.

Ndaonerera tsiku lonse. Nkhope zikutuluka m'khoma pang'onopang'ono, choyamba maso, kenako mano. Anyamata aja! Wina ndinkagona naye mphasa imodzi tikapita kukasewera kutali. Wojambula wamupatsa makutu aakulu, koma kumwetulirako ndi komweko. Ndatembenuka ngati chinachake chandigwera m'diso.

Che Mbaya atenga mbali ya dzuwa.

Lamulungu

Pochokera ku tchalitchi ndadzera pamsika. Penti yauma. Nkhope zinayi, ndipo kumapeto, pafupi ndi zenera, malo achisanu angotsala oyera.

Ndikuyang'anabe, ndamva munthu waima pambali panga. Che Saidi. Tapatsana moni.

"Malo awo musadere nawo nkhawa," akutero motsitsa mawu. "Takambirana ndi a Filipo, malowo ndi a goloboyi. Penate ija tinaiona ife, sitinali akhungu. Mukadzatsogola, ndikadzakhala ndilipo, Inshallah, ndidzaima pano mpaka wojambula amalize."

Andigwira paphewa, apita.

Ndimafuna kuwafunsa kuti Lachinayi pakamwa pawo panali kuti. Zaka zonsezi ndadikira mawu amenewo, ndipo abwera ndi nsanda yomwe.

Ndakhala pabenchi, pansi penipeni pa malo angawo. Ndi abwino ndithu. Denga lawaphimba, mvula sidzafikapo. Ndaitanitsa tiyi. Abiti afunsa ngati athire shuga wambiri monga mwa masiku onse.

Ndati ayi, supuni imodzi yokha. Khomalo lidikire kaye.