Nsawa Imodzi Imene Inandikwatitsa

Amene akuti ndine wabodza atulutse foni yake pompano pamsika wa Kapata, awerengetsere, tione amene achite manyazi!

Ine mkazi wanga Tisa sindinamupeze ndi ng'ombe, ndinamupeza ndi mutu uno. Bambo ake, aBanda a ku Chiparamba, anali mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito, munthu wouma mtima ngati chitsa. Tsiku limene ndinakafunsira mbeta anandiponyera thumba la nsawa zosenda, nati: "Ugawire ana anga anayi mbewuyi mofanana, osaswa njere, pasatsale ngakhale imodzi. Ukalephera, Tisa umuiwale."

Mtima unagunda, chifukwa mtsikanayo ndinkamufuna koopsa. Koma ine ndine ine. Ndinakhuthula thumbalo n'kuwerenga ndi khutu lokha, njere zikugwa waaa, ndipo yomaliza isanaleke kugubuduka ndinakuwa kuti 65,537! Mukumva?

Apa ndiye panali msampha, abale anga. Nambala imeneyi ndi yamakani, imene amasamu amati pulayimu, yokana kugawika kupatula ndi 1 kapena ndi iyo yokha. Ndinaigawa panayi, inatsala njere imodzi. Patatu, zinatsala ziwiri. Pasanu ndi pawiri, zitatu. Ndiye ndinapsa mtima n'kuyamba kuyala mizere kuchokera pakhonde la aBanda mpaka ku Madzimoyo, ndikuthamanga liwiro loti patapata anasungunuka, chithunzithunzi changa chinatsalira pamlatho chikupuma wefuwefu, nkhuku za midzi itatu zikundilondola koma osatola kanthu poopa maso anga, mpaka ndinayesa nambala zonse kufika 256 tiyi wa aBanda asanazizire. Ndikulumbira, inakana!

Pomaliza ndinayala bwalo, mizere 256, mzere uliwonse njere 256, mbali zonse zofanana ngati njerwa ya m'chikombole. Kunja kwa bwalolo kunatsala kanjere kamodzi, kakundiyang'ana mwachipongwe. Azilamu anayamba kuseka, aBanda akupukuta magalasi, Tisa misozi ili lengelenge. Ine ndinakatola kanjereko, n'kukaponya m'kamwa, kukutu!

Zotsala 65,536. Imeneyo ndiye nambala yaulemu, anthuni: umaidula pakati, n'kudulanso, kakhumi ndi kasanu n'kamodzi, osakana mpaka itatsala 1. Mwana aliyense analandira 16,384, pansi mbee. ABanda anavula chipewa, nati: "Mkamwini, lowani m'nyumba."

Mukuseka chiyani? Mafoni anuwo akutsutsa? Ayi, nambala zonse zili momwemo. Kungoti mayi akugulitsa tomato apowo, Tisa wanga yemweyo, musawafunse, chifukwa adzakuuzani kuti anawerenga ndi iwo, kwa milungu iwiri, n'kundinong'oneza kuseri kwa nkhokwe. Chabwino, anawerenga ndi iwo. Koma amene anatafuna ndani? Ndine!