Vinyo wa thovu pamaso pa akuchikazi

Mpaka lero ndikamva botolo likuti phu, ngakhale pa ukwati wa eni, khutu limanditentha. Akazi anga amati ndizingoiwala, koma amanena akuseka, ndiye ndaona kuti bola ndiulule ndekha.

Zinachitika matipate atangoyamba, ine ndili kalaliki wodzaza mafomu a katundu pa boda ya Mchinji. Tsiku lonse ndinkakhala ndi madalaivala a mathiraki, anthu oti akayamba kusimba za ku Joni ndi ku Beira umangoona ngati nawenso unapitako. Ine ndinali ndisanapitirire Chipata, koma pakamwa panga panali patazungulira dziko lonse.

Nthawiyo ndinali nditafunsira mbeta ya m'mudzi wa kwa Zulu, dzina lake Edina. Zonse zinkayenda bwino, kungotsala mawu omaliza a malume ake, a Jere, mkulu wosaseka wamba. Tsiku lina tikukambirana za phwando la ukwati, matama anandikwera.

"Pa ukwati wathu tidzatsekula vinyo wa thovu, wakunja," ndinatero.

A Jere anandiyang'ana. "Bambo, chinthu chimene sindinachione sichingalowe pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga. Mubwere nacho Loweruka tidzachilawe. Zina zonse tidzayankha pomwepo."

(Apa munthu wanzeru akanati ndimangocheza. Ine ndinati, "Ndibwera ndi mitundu inayi kuti musankhe bwino.")

Madalaivala anandithandiza. Wina anandipatsa botolo la ku Joni, wina la Apwitikizi lochokera ku Beira, wina la ku Italy logulidwa ku Lusaka. Lachinayi linalibe pepala, koma mwini wake analumbira kuti ndi la ku France. Ndinawafunsa kakomedwe ka lililonse n'kulemba m'kope, poti ine mowa ndinali ndisanaulawepo chibadwire. Ndinali wa kwaya, ndipo mapulani anga anali oti ndizingothira ndi kufotokoza, akumwa akhale ena.

Loweruka ndinakulunga mabotolowo m'chiguduli chonyowa kuti azizire, n'kuwamanga pa keliyala ya njinga. Palibe anandiuza kuti vinyo ameneyu sakonda mabampu, ndipo msewu wa kwa Zulu mabampu ndi kwawo.

Ndinapeza a Jere ali pakhonde ndi akuluakulu ena atatu, aliyense ndi kapu yake. Apongozi anga, mayi ake a Edina, anakhala patali kuseri kwa nkhokwe monga mwa mwambo, poti mkamwini ndi apongozi sayang'anizana m'maso.

Ndinayamba ndi la ku Joni. Nditangomasula kawaya, chitsekero chinathawa chokha n'kukamenya malata kuti phwaa! Nkhuku zinabalalika, mkulu wina anagwa chagada pa mpando wake, ndipo theka la vinyo linathera pa thalauza langa. Wotsalayo ndinathira m'makapu.

Palibe anatola kapu. Onse ankangoyang'ana thovu likuwira popanda moto.

"Bambo," anatero a Jere, "kwathu kuno mwini mowa amayamba ndiye, kuchotsa nkhawa. Nanji uwu wobwera ndi mfuti."

Ndinatenga kapu yawo n'kugunditsa mlomo.

"Kumwa kwa mpheta ayi. Kholingo tilione likuyenda."

Ndinameza. Unali wowawasa ngati bwemba, ndipo unanditulukira m'mphuno. Ndinaganiza kuti ndathana nazo, koma mkulu wachiwiri anandikankhira kapu yake, wachitatu chimodzimodzi, wachinayinso. Aliyense ankafuna nkhawa ya m'kapu yake ichoke payokha. (Werengani nokha: makapu anayi, mabotolo anayi, munthu mmodzi wa kwaya amene sanadye m'mawa chifukwa cha mantha.)

Pa botolo la Apwitikizi mantha anatha. Ndinaimirira n'kuwafotokozera za minda ya mphesa ya ku Portugal ngati ndinalimako ganyu. Mkulu amene anagwa pa mpando uja anati, "Ukukoma ngati thobwa losasa la masiku atatu," ine n'kumuuza kuti lilime lake silinayende.

Pa la ku Italy, lotsekemera lija, ndinasiya kudikira kuti andikankhire makapu. Ndinkachotsa nkhawa mpaka pansi pa kapu, eni ake n'kumalandira thovu lokha. Ndimakumbukira ndikuwagwira paphewa a Jere n'kuwatchula kuti "achimwene".

La ku France ndi limene linandimaliza. Ndinaona kuti si chilungamo kuti apongozi azikhala okha kuseri kwa nkhokwe phwando lili pakhonde. Ndinanyamula kapu, n'kupita, n'kukhala pa mkeka wawo womwewo, phewa ndi phewa. Mayi aja anafunda chitenje kumutu n'kutembenukira kukhoma la nkhokwe.

"Amayi, musandithawe," ndinatero, misozi ili chuchuchu. "Ine ndine wabodza. Ku Joni sindinapiteko. Vinyoyu ndamuyamba lero. Ndimangofuna muone ngati mwana wanu wapeza munthu wozindikira, poti ndilibe ng'ombe, ndilibe njerwa, njinga iyinso tcheni chake n'chobwereka. Koma Edina ndimamukonda, amayi, ndimamukonda koopsa!"

Akuti kenako ndinayambitsa nyimbo ya kwaya. Zimenezo ine sindikuzidziwa.

Ndinadzuka dzuwa litapendeka, ndili pansi pa mtengo wa mango, nsapato imodzi palibe. Edina anaima pambali panga atagwira m'chiuno, maso ali psuu.

"Mwandichititsa manyazi mudzi wonse," anatero. "Dzukani, amalume akukuitanani."

Ndinadziwa kuti mbeta yapita, ndipo ndinamva chisoni chenicheni, choposa mutu umene unkandiwaza. Ndinakanjuta patsogolo pa a Jere, maso pansi.

Anayamba atsokomola kaye. "Bambo, mwalakwa. Mwakhala pa mkeka wa apongozi anu. Nkhuku yoyera ibwere mawa, mupepese."

"Ndamva, amalume."

"Koma ine ndaona akamwini ambiri ataledzera. Wina amatukwana, wina amasolola mpeni, wina amatchula dzina la mkazi wa kwina. Inu mwamwa mayiko anayi, ndipo chimene chatuluka ndi misozi ndi dzina la mwana wathu. Pamene munali bwinobwino ndinkakukayikirani. Ukwati ulipo."

Ndinafuna kuthokoza, koma lilime linali lisanabwerere kwawo. M'malo mwake ndinamva pakamwa panga pakufunsa kuti, "Nanga mwasankha botolo liti?"

Kwa nthawi yoyamba ndinaona mano a a Jere. "Funsani mimba yanu, bambo. Ife tinangonunkhiza."

Pa ukwati tinamwa thobwa. Takhala m'banja zaka zonsezi, ndipo ndikanena kuti ndinaphunzira kusadzitama ndiye kuti ndanamanso. Chimene ndinaphunzira n'chochepa: ukamapita ndi chakumwa kwa akuchikazi, uziyamba wadya, ndipo uzinyamula kapu imodzi yokha.