Manda Athu Ali M'kati mwa Mpanda Wanu

Kwa Bwana Mkulu Woteteza Zamakedzana,

Bwana wolemekezeka, ndalemba chogwada, ine Swadick, msodzi wa usipa wa kufupi ndi Nkope, kuthokoza chifukwa cha mpanda wawaya umene munamanga kuzungulira phiri lathu. Ife mbuli tinkangoponda mapale a miphika ya makolo, osadziwa kuti ndi chuma cha dziko. Mwatitsegula maso, chipata n'kutitsekera.

1. Tikuthokoza kuti amisiri anu sanaumire waya. Pozinga mapalewo anazinganso manda athu, momwe tikuikamo anthu mpaka lero. Akufa athu sanagonepo motetezeka chonchi. Ngakhale ife abale awo sitingawafike.

2. Kiyi munapatsa a Jeffrey, amene amakhala kuboma ndipo amabwera pokhapokha kukakhala alendo odzaona malo. Ndi munthu wabwino zedi, foni yawo yokha ndiyo imadwaladwala. Ife Asilamu timaika maliro tsiku lomwelo, mwambo umene ndaona kuti ukusokoneza ntchito za ofesi yanu. Pepani.

3. Atamwalira mayi Farida, oyandikana nawo nyumba, tinakhala ndi jeneza, chonyamulira maliro chija, pachipata dzuwa likuswa mtengo, mpaka mwamwayi kunatulukira galimoto ya alendo. Tinalowa pambuyo pawo ngati owanyamulira katundu. Anatijambula tikulira, a Jeffrey akuwafotokozera m'Chingerezi kuti umenewu ndi mwambo wamakedzana. Mlendo wina mpaka anaomba m'manja. Ndinapsa mtima, bwana, ndinapsa zedi, koma ndinakumbukira chikwangwani chanu choletsa phokoso.

Tsono nkhani yanga ndi iyi. Achimwene anga a Wadi ali gone, ndi phala lomwe akukana. Anapempha kale kuti adzagone pafupi ndi malemu akazi awo, m'kati mwa mpanda wanuwo, ndipo ine ndinawalonjeza nditawagwira dzanja. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ananena zimenezi asanaone loko wa ofesi yanu. Kudula waya sindingayerekeze, poti wayayo ndi wolemekezeka kuposa ine.

Choncho ndikupempha modzichepetsa kuti mutitumizire masiku amene alendo adzabwere mwezi uno, ndikawauze achimwene tsiku loyenera kumwalira. Ndi munthu womvera malamulo, adzayesetsa.

Ine wanu wa kunja kwa mpanda,
Swadick